Pampu ikakana kulira, musafulumire kugula kabuleta ina

Ndimalima dimba m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, ndipo kuyambira pamene mvula yatha mpaka itagwanso, tomato, anyezi ndi chimanga changa chachiwisi zimadalira pampu ya petulo yokweza madzi. Injini yake ndi imodzi mwa zija zadzaza m'masitolo ogulitsa zipangizo za ulimi, zopangidwa motengera Honda GX160, zomwe pambali pake nthawi zambiri pamalembedwa 168F. Zina ndi za 163 cc, zina zokulirapo pang'ono ndi za 196 cc, koma mapangidwe ake ndi amodzi, ndipo injini yomweyi ndiyo ili m'majenereta ambiri a m'magolosale, m'malo ometera ndi m'matchalitchi, kotero kuti zimene ndilembe pano zikukhudzanso eni makina amenewo. Chimene chandichititsa kulemba ndi chizolowezi chomwe ndaona pakati pa alimi anzanga, chakuti pampu ikangovuta kulira munthu amakwera minibasi kukagula kabuleta (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya) yatsopano, kapena amaitana aliyense wokhala ndi sikuludiraiva kuti apotokole timasikuluwu mongoyerekeza. Pa nthawi zimene injini yanga ndi za anzanga a m'kalabu yathu ya ulimi wothirira zinakana kulira, kawirikawiri kabuleta inali yabwinobwino. Cholakwika chinali petulo amene anali mkati mwake, kapena kachitsotso kotseka kabowo kamodzi, ndipo zonse ziwirizi munthu angathe kuzizindikira asanatulutse ndalama m'thumba.

Kuti zizindikiro zimveke, m'pofunika kudziwa njira imene petulo amayenda. Pa injini zimenezi palibe chopopa mafuta, petulo amatsika yekha chifukwa thanki ili pamwamba. Amadutsa pa kasefa ka potulukira m'thanki, n'kulowa m'kapaipi ka labala, n'kufika pa kampopi kotsegulira ndi kutsekera mafuta, komwe pansi pake pali kakapu kodikhira zinyalala, kenako amagwera m'kambale ka kunsi kwa kabuleta. M'kambalemo muli fuloti, kapulasitiki koyandama komwe kamakankha kasingano ka nsonga ya labala kuti katseke njira petulo akafika pa mlingo wake. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya kudzera pa khosi la kabuleta, ndipo popeza khosilo ndi lopanikizika pakati, mpweyawo umathamanga n'kuyamwa petulo wa m'kambale kudzera m'majeti awiri, tizipangizo ta kabowo kakang'ono koyeza petulo wodutsa. Jeti yaikulu imadyetsa injini ikalemedwa ndi ntchito, pamene yaing'ono imaidyetsa poyamba kulira ndi pamene ikuyenda pang'onopang'ono. Kabowo ka jeti yaikulu sikakwana ngakhale milimita imodzi, ndipo ka yaing'ono ndi pafupifupi theka la pamenepo. Petulo amapsa bwino akasakanikirana ndi mpweya womuposa kulemera pafupifupi ka 15, koma injini yozizira imafuna petulo wochulukirapo, n'chifukwa chake pali choki, kachitseko kochepetsa mpweya. Munthu akamvetsa kuchepa kwa timabowoti sadabwanso kuti kachidutswa ka dzimbiri kosaoneka bwino ndi maso kangafotetse dimba lonse.

Vuto loyamba limene linandiphunzitsa zimenezi linabwera m'mwezi wa Meyi, pamene tinatulutsa pampu ya kalabu yomwe inagona m'nyumba dzinja lonse ili ndi petulo m'thanki ndi m'kambale. Tinakoka chingwe mosinthana mpaka mapewa kuwawa, koma injini sinatsokomole n'komwe. Nditamasula kasikuluwu kokhetsera ka pambali pa kambale, munatuluka zamadzimadzi za mtundu wa tiyi wopanda mkaka, za fungo la vanishi osati la petulo. Petulo ndi msakanizo wa mafuta opepuka ndi olemera, ndipo opepukawo, omwe ndiwo amayaka msanga injini ikadali yozizira, ndiwonso amayamba kuuluka. Kambale ka kabuleta kali ndi kabowo kopumira, motero petulo wa mmenemo amawonongeka mofulumira kuposa wa m'chigubu chotseka bwino, ndipo chotsalacho chimasanduka utomoni womata m'majeti ndi pa kasingano. Mabuku a malangizo a injini zoterezi amachenjeza kuti kuwonongekaku kungayambe m'masiku 30 okha, ndipo kutentha kumakufulumizitsa.

Kuno kwathu palinso chifukwa china. Petulo wa pa malo omwetsera mafuta m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982, ndipo fakitale ina inadzatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Ethanol ameneyu ndilibe naye chifukwa, pakuti amachepetsa ndalama zakunja zimene dziko likanagulira mafuta, ndipo galimoto kapena njinga yamoto ya kabaza yomwe imamaliza thanki tsiku ndi tsiku sivutika naye. Koma amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo madzi akachuluka, ethanol ndi madziwo zimapatukana ndi petulo n'kukakhala pansi, pomwe jeti yaikulu imayamwira. Makina ogona m'nyengo ya mvula, chinyezi chili ponseponse, ndiwo amakumana ndi zimenezi kwambiri. M'kambale ka pampu ija tinapezamo dzimbiri pansi pake, ndi ufa woyera wa chitsulo chodyeka pa mzati wa pakati pa kabuleta.

Kuchokera nthawi imeneyo sindimasula kabuleta ndisanaone pulagi. Ndimatsegula mafuta, kutseka choki, kuyatsa swichi ndi kukoka chingwe kangapo, kenako ndimachotsa pulagi n'kuyang'ana kunsonga kwake. Ikakhala youma, ndiye kuti petulo sakufika m'silinda, momwe amapsera. Ikakhala yonyowa ndi yonunkha petulo, mafuta akufika, mwinanso mopitirira, ndipo chofunika kufufuza ndi chimene chikuwaletsa kuyaka. Pofuna kuona moto ndimalumikiza pulagi ku waya wake n'kuigunditsa pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, popeza nthunzi ya petulo yotuluka m'bowomo ingathe kuyaka, kenako ndimakoka chingwe. Moto wabwino ndi wabuluu, wothetheka mwamphamvu. Mpata wa pulagi uyenera kukhala mamilimita 0.7 mpaka 0.8, ndipo pulagi yoyenera ndi BPR6ES ya NGK, kapena F7RTC imene injini zambiri za ku China zimabwera nayo. Pulagi ikakhala youma koma moto ulipo, ndimathira petulo watsopano wosakwana theka la kasupuni m'bowo la pulagi, n'kuibwezeretsa, n'kukoka chingwe. Injini ikalira kwa masekondi ochepa n'kuzima, ndadziwa zinthu zitatu nthawi imodzi, kuti moto ulipo, kompuleshoni (kupanikizika kwa mpweya m'silinda) ilipo, ndipo chosowa ndi mafuta basi. Kuyesa kumeneku kwaletsa anthu angapo a m'kalabu yathu kugula koyilo, chipangizo chopereka moto ku pulagi, pamene yawo inali yamoyo.

Kenako ndimapita pa kasikuluwu kokhetsera kaja, nditatchera botolo loonekera mkati. Petulo akamatuluka mosadukiza kampopi kali kotsegula, njira yochokera ku thanki ili bwino. Akangotuluka pang'ono n'kuyamba kudontha, chotsekereza chili kumtunda, pa kasefa, m'kapaipi, m'kakapu kapena pa kasingano, ndipo munthu azifufuza chimodzichimodzi mobwerera m'mbuyo mpaka ku thanki. Botololo ndimaliimika kwa kanthawi, ndipo madzi akakhalamo amasonkhana pansi, mzere wowalekanitsa ndi petulo n'kumaoneka bwinobwino.

Botolo limeneli linandithandiza kwambiri pa nthawi ya kusowa kwa mafuta komwe kunavuta kuyambira mu 2022, pamene galimoto zinkagona pa mizere ndipo ife a kumudzi tinkadalira ogulitsa m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Tomato amene wayamba maluwa sadikira kuti thankala ifike. Tsiku lina pampu inalira bwino m'mawa, koma nditawonjezera petulo wogula mwa njira imeneyi inayamba kuphulika ku ekizosi, kutaya mphamvu, n'kuzima, ndipo botolo linaonetsa madzi. Sindinganene kuti wogulitsa aliyense amachita chinyengo, pakuti nthawi zina madziwo amakhala a m'chigubu chomwe chinatungira madzi dzulo lake kapena chinagona panja chosatseka. Komabe petulo wosakaniza ndi palafini ndinakumana nayenso, ndipo zizindikiro zake n'zosiyana. Injini imavuta kwambiri m'mawa, ikalira imafuka utsi woyera wa fungo la nyali, imagogoda ikalemedwa, ndipo mafuta osapsa amatsikira mu oyilo. Dontho limodzi pa pepala loyera limaulula, chifukwa petulo weniweni amauma msanga osasiya chizindikiro, pamene wa palafini kapena wa dizilo amasiya banga la mafuta. Petulo wotereyu palibe sikuluwu imene ingamukonze, amafunika kukhetsedwa yense, m'thanki ndi m'kambale momwe.

Pulagi ikakhala youma pamene petulo wabwino akufika m'kambale, apo ndiye kabuleta imasulidwe. Ntchitoyi ndimaichitira pakhonde, pa nsalu yoyera, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya, osati kudimba, chifukwa kapini ka fuloti kakagwera mumchenga sikapezekanso. Sipanala ya 10 ndiyo imamasula pafupifupi zonse. Musanachotse kandodo ka gavanala, chipangizo chosunga liwiro la injini kuti lisasinthesinthe, ndi kasipuling'i kopyapyala komwe kamayenda nako, jambulani ndi foni kuti mudzadziwe pomwe chilichonse chinali. Kambale kamagwidwa ndi bawuti imodzi pansi pake. Jeti yaikulu ili mkati mwa mzati wa pakati, ndipo popeza ndi ya mkuwa wofewa, sikuludiraiva iyenera kukwana bwino mu mpata wake, chifukwa yochepa imanyenya mutu wa jetiyo n'kuisiya yosatheka kumasula. Jetiyo ikachoka, pamwamba pake pamatsika kachubu ka mkuwa ka timabowo tambiri m'mbali, komwe kamasakaniza petulo ndi mpweya asanafike pakhosi. Ambiri sakadziwa n'komwe kachubuka, chifukwa utomoni umakagwira kuti kasagwe kokha, ndipo pamafunika kukakankha pang'ono ndi kamtengo kuchokera kukhosi. Timabowo take tonse tiyang'anidwe molozetsa ku dzuwa mpaka kuwala kuoneke pa kalikonse.

Jeti yaing'ono ndiyo inandizunza nthawi yaitali kuposa china chilichonse, chifukwa siili m'kambale. Ili pamwamba pa kabuleta, ndi kapulasitiki kakuda kopanikizidwa ndi sikuluwu yokwezera ndi kutsitsira liwiro, ndipo munthu wosadziwa amakayesa chotsekera chabe. Amene anandionetsa ndi bambo ena achikulire okonza njinga zamoto pa msika wathu, omwe atangomva kaliridwe ka pampu sanafunsenso zambiri. Injini inkakwera, n'kutsika, n'kukweranso mosalekeza, kandodo ka gavanala kakupita uku ndi uku, koma ndikatseka choki theka inkakhazikika. Bambowo anandifotokozera kuti liwiro likakwera, gavanala amatseka khosi la kabuleta ndipo injini imatsala ikudalira jeti yaing'ono. Popeza jetiyo yatsekeka, injini imafooka, gavanala n'kutsegulanso khosi, jeti yaikulu n'kuidzutsa, ndiye zimangobwerezabwereza chomwecho. Anawerenga mmene sikuluwu inazungulirira poimasula kuti adzaibwezere pomwe inali, anatukula kapulasitiki kaja mosamala kuti timphete take ta labala tisang'ambike, ndipo kunsonga kwake kunali kabowo ka mkuwa kotsekeka ndithu. Atakatsegula, pampu inalira msanga ndi mawu amodzi osasinthasintha. Kuchokera apo ndaona kuti mapampu ambiri omwe amati atsukidwa koma sanachire, jeti imeneyi inali isanakhudzidwe.

Alimi ena amathirira nyengo yonse atatseka choki theka, n'kumati ndi mmene pampu yawo inabadwira. Injini yotero ikusowa mafuta, ndipo mwini wake wangoichepetsera mpweya kuti ufanane ndi petulo wochepayo. Mphamvu imachepa, madzi safika kumtunda kwa dimba, ndipo tsiku lina m'mawa wozizira imadzakana kulira mpang'ono pomwe. Enanso amathamangira kasikuluwu ka mkuwa ka pambali pa kabuleta, kosinthira kuchuluka kwa mafuta pamene injini ikuyenda pang'onopang'ono. Kasikuluwu kameneka sikasuntha kokha, choncho ngati injini inkalira bwino mwezi watha, vuto silili pamenepo. Wofuna kukamasula potsuka ayambe wakamanga mofatsa mpaka kafike, akuwerenga mazungulidwe ake, ndipo asakakamize chifukwa nsonga yake ndi yosongoka ndipo imathyokera mkati. Sikuluwu yotchinga liwiro la pamwamba nayo isiyidwe, pakuti injini zimenezi zinapangidwa kuti zigwire ntchito pa mazungulidwe pafupifupi 3,600 pa mphindi, ndipo kuikweza pofuna kubisa kufooka n'kufupikitsa moyo wa makina.

Potsuka, chabwino ndi mankhwala opopera otsukira kabuleta omwe amapezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto, kenako mpweya. Kompuresa ikasowa, pampu ya njinga yakapalasa imakwanira, ndipo ndi yabwino kuposa kuuzira ndi pakamwa. Mankhwalawa amatupitsa labala, choncho timphete ndi kasingano zichotsedwe kaye, komanso nkhope italikire chifukwa opopera pa bowo lina amatulukira kwina. Utomoni ukakanika ndimagwiritsa ntchito kawaya kamodzi kofewa ka kopa kosolola mu nthambo ya magetsi, kochepa kuposa bowolo. Singano yosokera, phini kapena waya wachitsulo zisayandikire jeti. Mnzanga wina wa jenereta ya pa golosale anapereka kabuleta kwa mnyamata amene anatokosa majeti ndi singano, ndipo jenereta inaliradi tsiku lomwelo, koma kuyambira pamenepo inkafuka utsi wakuda, kumwa petulo modabwitsa ndi kudetsa mapulagi ndi mwaye, popeza bowo likakula silibwereranso. Inachira atagula majeti ena.

Kutsuka kabuleta kokha sikukwanira ngati gwero la litsiro likadalipo. Pampu ya kalabu ija inabwerera m'vuto patangopita masiku ochepa, ndipo m'kakapu ka pansi pa kampopi munali ufa wofiira. Titaunika m'thanki ndi tochi tinapeza dzimbiri pansi ponse, kasefa katang'ambika. Tinachotsa thankiyo, n'kuikamo manati ochuluka ndi palafini pang'ono, n'kuikhutchumula kwa nthawi ndithu, n'kuitsukuluza ndi petulo mpaka wotuluka atayera, kenako n'kuiyanika. Tinasinthanso kapaipi, komwe kunja kankaoneka bwino koma mkati kankanyenyeka, ndipo tinaikapo fyuluta yaing'ono yoonekera mkati ya njinga yamoto. Ya galimoto siyenera, pakuti inapangidwira mafuta okankhidwa ndi chopopa mafuta, ndipo petulo wongotsika yekha angavutike kudutsamo. Apa m'pamene pamagona tsoka la ogula kabuleta yatsopano, chifukwa imalira bwino sabata yoyamba, kenako dzimbiri lomwe lija limaitseka monga linatsekera yakale. Ena amabwera ndi ya jenereta pamene makina awo ndi pampu, kapena ya 196 cc pa injini ya 163 cc, ndipo ngakhale imalowa pa mabawuti omwewo, chogwirira cha choki, kampopi ndi kukula kwa majeti zimasiyana. Ine ndimavomereza kuti kabuleta yafadi pokhapokha chitsulo chake chitadyeka mpaka tinjira ta mkati kuwonongeka, kapena kandodo ka chitseko cha pakhosi katayamba kugwedera moti kakulowetsa mpweya m'mbali.

Pali vuto lina lochepa kwambiri limene limanamiza anthu. Pampu imalira bwino, imathirira kwa mphindi zingapo, n'kuzima yokha, ndipo mukaisiya kanthawi imaliranso n'kudzazimanso chimodzimodzi. Chivundikiro cha thanki chili ndi kabowo kolowetsa mpweya m'malo mwa petulo amene watsika, ndipo kakatsekeka petulo amaleka kutsika. Ndinaziona pa pampu ya mayi ena a m'kalabu, yomwe chivundikiro chake chinkatayitsa mafuta pa ngolo, ndiye mwana wawo anayalapo jumbo kuti chigwire. Titangomasula chivundikirocho tinamva mpweya ukulowa, ndipo titachotsa jumboyo pampu inagwira ntchito tsiku lonse.

Pulagi yonyowa ili ndi nkhani yake. Petulo akamadontha pa sefa ya mpweya kapena pansi pa kabuleta injini ili chizimire, kasingano ka fuloti sikakutseka. Mwina pali kachitsotso pomwe kamakhala, mwina nsonga yake ya labala yadyeka n'kukhala ndi mzere wozungulira, mwinanso fuloti yabooka, ndipo mukaigwedeza pafupi ndi khutu mumamva petulo mkati. Ife timanyamula mapampu pa njinga ndi pa ngolo m'njira za mabampu, ndipo kampopi kakakhala kotsegula fuloti imadumphadumpha, petulo n'kusefukira m'silinda mpaka kutsikira mu oyilo. N'chifukwa chake injini ikamwa mafuta mopitirira chonchi ndimayamba ndaona oyilo. Akakhala wopitirira mlingo, wamadzimadzi ndi wonunkha petulo, ndimamukhetsa n'kuthira watsopano, malita 0.6 basi, chifukwa oyilo wosungunuka ndi petulo sateteza zitsulo. Pochotsa petulo wa m'silinda ndimatseka kampopi, kuzimitsa swichi, kuchotsa pulagi, kutsegula choki ndi kukoka chingwe kangapo, kenako ndimaumitsa pulagi n'kuliza popanda choki.

Sefa ya mpweya yodzaza fumbi la Seputembala ndi Okutobala imanyowetsanso pulagi, pakuti imachepetsa mpweya monga imachitira choki. Siponji yake ichapidwe ndi madzi a sopo, iume bwinobwino, idonthezedwe oyilo pang'ono n'kufinyidwa. Kuliza pampu popanda sefa kuti akuti ipume n'kudyetsa injini mchenga. Kukwera kwa malo nakonso kuli ndi gawo lake, chifukwa mpweya wa ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, ndi wopepuka kuposa wa ku Salima kapena ku Chikwawa, motero jeti yomweyo imapereka petulo wochulukirapo poyerekeza ndi mpweya, ndipo opanga injini amati mphamvu imatsika ndi 3.5 peresenti pa mamita 300 alionse okwera. Pampu yochokera kunyanja ikamadetsa pulagi pang'ono kumapiri isaweruzidwe kuti yatha. M'mawa wa Juni ndi Julaye choki imafunika kwa kanthawi ndithu ndipo itsegulidwe pang'onopang'ono, koma injini yotentha siifuna konse.

Pobwezeretsa kabuleta, magasiketi, timapepala toletsa mpweya kulowa m'malo olumikizira, asapeputsidwe. Pakati pa kabuleta ndi injini pali kapulasitiki kakuda kotchinga kutentha, kokhala ndi gasiketi mbali zonse ziwiri. Gasiketi ikang'ambika, kapena kapulasitikiko kakasweka chifukwa chomanga manati mopitirira, injini imakoka mpweya wakuba wosadutsa pa majeti, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndendende ndi za jeti yaing'ono yotsekeka. Gasiketi yodula pa katoni imathandiza pangozi, koma woidula ayang'anitsitse timabowo ting'onoting'ono ta mpweya ta pankhope ya kabuleta, chifukwa akatiphimba, kabuleta yoyera bwino imavuta ngati kuti sinatsukidwe.

Nthawi zina kabuleta imangonamiziridwa. Injini zambiri zoterezi zili ndi sensa yodula moto oyilo akachepa, ndipo pampu ikaikidwa mopendekera pa gombe la mtsinje, oyilo amathawira mbali imodzi, sensa n'kudula moto ngakhale oyiloyo alimo. Pulagi imanyowa, koma moto palibe, kapena injini imalira pang'ono n'kuzima. Mankhwala ake ndi kusalaza pansi ndi khasu, ndi kudzaza oyilo mpaka pakamwa pa bowo lothirira pampu ili chowongoka. Ena amadula waya wa sensayo, ndipo ndikuwamvetsa popeza madzi amafunika lero lomwe, koma ndinaona injini ya mnzanga itagwirana pisitoni oyilo atatha popanda chomuchenjeza. Kusolola wayawo kwa kamphindi pofuna kutsimikiza ndi kwina, kuusiya chomwecho nyengo yonse ndi kwinanso. Mavavu nawo amavutitsa makina akagwira ntchito nthawi yaitali. Mpata wa vavu yolowetsa mpweya ndi mamilimita 0.15, wa yotulutsa utsi ndi 0.20, poyeza injini ili yozizira. Mpatawo ukakula kwambiri, kachipangizo kofewetsa kompuleshoni pokoka chingwe sikagwira ntchito, ndipo chingwe chimalimba n'kumabweza dzanja mopweteka. Ukatheratu, vavu siitseka bwino, chingwe chimapepuka ndipo injini siyamwa petulo mokwanira. Ntchito imeneyi ndimaisiyira makaniko wokhala ndi zoyezera zake, chifukwa kuyerekeza ndi maso pa timipata tochepa chonchi n'kosatheka.

Masiku ano ndikamaliza kuthirira ndimatseka kampopi injini ikadali kulira, n'kuisiya mpaka izime yokha. Petulo ndimagula wokwanira milungu yochepa, ndimamusunga pamthunzi m'chigubu chake chokha chosatungira madzi, ndipo pothira m'thanki ndimasefa ndi nsalu yoyera. Mvula ikayamba ndimakhetsa thanki yonse n'kumasulanso kasikuluwu ka kambale, chifukwa injini yozima yokha imasiyabe petulo pang'ono pansi. Ndimatsuka kakapu, kusintha oyilo injini ikadali yofunda, kuthira kasupuni ka oyilo m'bowo la pulagi, ndi kukoka chingwe pang'onopang'ono mpaka pomwe chayamba kulimba, pakuti pamenepo mavavu onse awiri amakhala otseka ndipo chinyezi sichilowa m'silinda. Madzi a m'mimba mwa pampu nawo ndimawakhetsa. Ndimamanganso kansalu pa ekizosi ndi kuphimba kabuleta, chifukwa mavu omanga ndi dothi amakonda timabowo ta makina ogona. Pampu ya mnzathu wina inavutitsa chaka china ngakhale majeti ake anali oyera ndipo petulo anali watsopano, mpaka tinapeza dothi louma litatseka kabowo kopumira ka kambale, ndipo titalichotsa ndi kamtengo mafuta anayamba kuyenda monga mwa nthawi zonse.